Mbalame ya Kumanda kwa Abambo

Bembeke, Dedza
14 Ogasiti 1913

Okondedwa achimwene a Petulo,

Ndikhulupirira ntchito ikuyenda ku Halaleko. Kuno chisanu chatha, mbatata tinakumba zambiri, ndipo Anjelina mlongo wathu wachira chifuwa chija. Koma sindinagwire cholembera chifukwa cha mbatata. Ndalakwa, achimwene, ndipo ndafuna mumve kwa ine mwini wake.

Mwezi wa Juni kunabwera mzungu wosonkhanitsa mbalame, amene anthu anamutcha Bwana Nthenga. Poti ndimatha kulemba, ananditenga kuti ndizimunyamulira bokosi ndi kulemba timapepala tomanga kumiyendo ya mbalame zakufa. Mtima wake unali pa timbalame tija ta pachifuwa pofiira, toimba m'ziyangoyango m'mamawa. Ife timationa ngati tamtundu umodzi, koma iye ankayeza milomo, kuwerenga nthenga zakumchira, n'kumati ndi mitundu itatu. Wachinayi, akaupeza, adzaupatsa dzina latsopano. Anaseka n'kuti, "Mwina dzina lako, Kalisto."

Apo ndi pamene ndinapusa. Ndinatupa mutu ngati chule. Ndinakumbuka mbalame ija imaimba pamtengo wa kumanda kwa abambo, imene amayi amaima ndi khasu kuimvera akamapita kudimba. Mukudziwa kuti kumanda salowako wamba, ngakhale kuthyolako kamtengo. Ine ndinalowa ndekha masana, osauza akuluakulu, n'kutchera ulimbo. Inakodwa, ndipo ndinakaipereka kwa Bwana.

Bwana anaisenda, anaiyeza, anaigoneka pambali pa zinzake. Kenako anapukusa mutu. "Iyi tili nayo kale, ndi yofanana ndi yoyamba ija." Basi. Sinalowe n'komwe m'bokosi.

Amayi anadikira masiku anayi osaimva. Tsiku lachisanu anaona ulimbo pamalaya anga ali kuchapa, ndipo anandifunsa, "Kalisto, kumanda kwakhala chete bwanji?" Ndinaulula. Sanakalipe, bola akanandimenya ndi mthiko. Anangoti, "Bambo wako ankandiyankha ndi mbalame ija. Tsopano ndizilankhula ndi yani?"

Kwa akuluakulu ndinapepesa ndi nkhuku, nkhani inatha. Kwa ansembe ndinalapa, iwo anati mbalame ndi mbalame chabe. Koma amayi chiyambire tsiku lija sanditchula dzina, ndikalowa m'nyumba amatuluka. Ndikumva chisoni ndi manyazi, ndipo ndikuopa kuti ukalamba ungawatenge tisanayanjane.

Chonde alembereni, inu amakumverani. Musanditeteze ayi. Mungowauza kuti mwana wawo wopusa uja akadali wawo.

Anjelina akupereka moni, amalume a Ezara nawonso. Dzulo ndinagwada pakhomo pa amayi n'kunena kuti ndikukulemberani, ngati ali ndi mawu. Amayi anatembenukira kwa Anjelina n'kuti, "Umuuze Petulo kuti ndamusowa mwana wanga." Kaya akunena inu kaya ine, sindikudziwa. Ndalemba monga ananenera.

Ndine mng'ono wanu,
Kalisto