Chotupa cha Amayi Achichotsa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mvera tadzuka bwino, ndipo amayi achira!

Chotupa chomwe chinawamera pansi pa lilime chija achichotsa kuchipatala ku Lilongwe. Adokotala akuti si khansa ayi, ndi timitsempha ta magazi tinangopiringizana, zosaonekaoneka pamalo oterowo. Paja amalume anabwera ndi lezala kuti awateme mphini, ine n'kuwabweza pakhomo, mudzi wonse n'kumanditcha wamwano. Adokotala atamva zimenezi anagwira pakamwa. Amvekere, "Akanatema pamenepo, magaziwo simukanawaletsa."

Lamulungu lapitali amayi ndiwo anayambitsa nyimbo m'tchalitchi, amalume ali ndwii kumbuyo. Wamwano uja ndinayimba mokweza kuposa onse.

Muwaimbire foni, mudzimvere nokha mawu awo. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati