Uthenga wa Lachinayi

Amayi anga okondedwa,

Kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Bangwe tilipo. Achemwali a Lucia anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ali ndi makutu ngati anu. Kamunda ka kuphiri kaja sikanachite bwino. Ndinachedwa kupalira, chifukwa ndinkati ndikafika pamene munkapumira paja ndimangokhala pansi. Denga la kuchipinda likudonthabe, ndaikapo beseni.

Pogawa katundu wanu amalume anandipatsa foni yanu. Ndimaitchaja ngakhale palibe amene amaimba. Koma Lachinayi lililonse inkalira, uthenga wa gulu lanu la amayi oyendera odwala: "Mayi Makwinja, musaiwale, lero tikumana kutchalitchi." Ndinkawerenga n'kumva ngati mwangotuluka pang'ono kukagula tomato.

Mauthengawo salemba munthu, Amayi. A Esnati, mwana wa atcheya a gulu lanu, uja amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni, anaikira gululo wothandiza wa pa foni, amamutcha AI. Ali ndi zida zake: china chotumizira uthenga, china cholembera munthu watsopano, china chochotsera munthu. Iye zidazo saziona. Amangowerenga mawu ochepa ofotokoza chida chilichonse, n'kusankha choti agwiritse ntchito. Mawuwo akaperewera, amalakwitsa.

A Esnati anandipempha kuti ndiziwerenga mawuwo ngati mlendo wosadziwa kanthu, ndizinena pamene sipakumveka. Ndinakana, ndinati sukulu yanga ndi ya pulayimale. Iwo anaseka. "Iwe Tiyamike, umafunsa kawiri ngakhale akakutuma mchere. Ndikufuna munthu wotero." Ndinakumbukira mmene munkanenera mukamandituma kumsika, kuti, "Bwereza zimene ndanena ndimve." Ndiye ndinavomera.

Zida zina zinali bwino. Pa chotumizira uthenga ndinangofunsa ngati chimatumiza kwa onse kapena kwa mmodzi, iwo anawonjezera. Koma pa chochotsera munthu panalembedwa kuti: "Chimachotsa amene wapempha kutuluka m'gulu." Ndinawerenga mobwereza. Inu simunapemphe, Amayi. Womwalira sapempha. Ndinazindikira chifukwa chake foni yanu inkalirabe, ndipo ndinadziwa kuti ndikanena, idzaleka.

Sindinanene tsiku limenelo. Ndinauza a Esnati kuti sindinamalize.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi ndinakumana ndi bambo Matope, amuna awo a malemu mayi Matope, anzanu aja oyimba kwaya. Nawonso anasunga foni ya akazi awo. Anandionetsa. Uthenga utabwera, iwo anayankha kuti, "Mayi akunyumba sabwera." Wothandizayo anawalembera kuti, "Palibe vuto, tidzawaona sabata yamawa."

"Mwananga," anatero, "sabata yamawa yake iti?"

Kwa ine uthengawo unali ngati kukumvani mukutsokomola kuseri kwa nyumba. Kwa iwo unali maliro atsopano sabata iliyonse. Inu munkati, "Ukapita kwa wodwala usamayambe ndi zako." Ndinangoyenda mpaka kwa a Esnati nsapato za kutchalitchi zili kuphazi.

Tinakonza mawuwo limodzi, pang'onopang'ono. Tsopano akuti chidacho chigwirenso ntchito wachibale akanena kuti munthu wamwalira. Akuti wothandizayo ayambe wapepesa, afunse mlembi wa gulu ngati ndi zoona, kenako asiye kutumiza mauthenga. Ine ndinapempha chinthu chimodzi, kuti dzina lisafufutidwe, likhalebe pakati pa amene anatumikira. Anachilemba mmene ndinanenera.

Kenako a Esnati anati tiyese ngati zamveka, ndipo anafuna kupeka dzina. Ndinati ayi, dzina lopeka silitiuza zoona. Ndinatulutsa foni yanu m'chikwama n'kulemba ndekha kuti, "Ine ndine mwana wawo. Mayi Makwinja anamwalira." Wothandizayo anayankha bwino, Amayi. Anapepesa, anafunsa mlembi, mlembi anavomera. Sanalakwitse paliponse. A Esnati anati, "Zatheka," kenako atandiyang'ana anangondigwira dzanja.

Lachinayi lapitali ndinaika foniyo pa tebulo n'kumachapa pafupi, ngakhale ndinkadziwa. Sinalire. Ndinalira ndine. Musandikwiyire kuti ndinakuchotsani ndi dzanja langa. Kwa bambo Matope nakonso mauthenga analeka, akuti tsopano akutha kudya Lachinayi.

Ndapempha kuti alembe dzina langa m'gulumo. Mukudziwa kuti pa anthu mawu amandithawa, ndipo kupemphera mokweza sindingathe. Koma kutunga madzi ndi kuchapira wodwala ndimatha. Ndikulonjeza kuti sabata ino ndipita nawo, ndikakhala kumbuyo, ndikanyamula ndowa yanu yobiriwira ija.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ine mwana wanu,
Tiyamike