Bambo Sakumva Sailini ya Padamu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, kupatula chifuwa chomwe chikungozungulira m'nyumba. Koma mtima wanga suli m'malo, ndipo nkhani yake ndi ya bambo.

Mukudziwa kuti makutu awo anathera m'nyumba ya makina, zaka zonse zomwe anagwira ntchito pasiteshoni ya magetsi. Panopa zafika poipa. Kuti amve, mpaka uwakuwire pakhutu, ndiye amakalipa kuti ana amasiku ano mulibe ulemu.

Chaka chino madzi achepa m'damu, choncho makina sayenda tsiku lonse. Akazimitsa, mtsinje kumunsi umaphwa mpaka kuonekera kachilumba pakati. Bambo anaona dothi lakuda pamenepo, basi nkudzalapo tomato ndi anyezi. Amawoloka wapansi, kuponda pamiyala. Koma makina akatsegulidwa madzi amakwera msanga, ndiye asanatsegule amaliza sailini kuti anthu atuluke mumtsinje. Aliyense amaimva, ngakhale mbuzi zinaizolowera. Bambo okha ndiwo saimva.

Iwo akuti safuna sailini. Akuti m'zaka za chilala madzi amatsegulidwa madzulo okha, anthu akaweruka kuntchito nkuyatsa mababu, ndipo ankatsegula ndi iwowo. Zinali zoona kale. Koma chiikireni mapanelo a sola paphiri paja, masana anthu akudalira dzuwa. Mitambo ikangoliphimba, a ku likulu amaimba foni kuti tsegulani makina msanga, kaya ndi m'mawa, kaya ndi masana.

Amuna anga anayesa kuwafotokozera, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Bambo anangoseka. Akuti mtsinje sungalamulidwe ndi magalasi, ndipo mkamwini amene anamuphunzitsa okha kugwira sipanala asawaphunzitse za madzi.

Lachiwiri mitambo inabwera dzuwa lisanafike pamutu. Ndikuchapa, ndinamva sailini, nkusiya zovala m'beseni. Nditafika pagombe ndinawaona bambo pakachilumba paja atawerama, akupalira, damu atalifulatira. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Anadzidzimuka madzi atawanyowetsa mapazi, ndipo m'malo mokhala pokwera anayamba kuwoloka. Pakati pa miyala madzi anawafika m'chifuwa. Pakanapanda asodzi omwe anawaponyera chingwe, bwenzi mukumva uthenga wina. Khasu linapita.

Mukuganiza kuti anaopa? Akunjenjemera m'bulangete, ankangotukwana kuti anyamata apasiteshoni atsegula madzi nthawi yolakwika.

Tsikulo amene anali pantchito kusiteshoniko ndi amuna anga. Kuchokera pamenepo sakudya bwino. M'chipinda chomwe amagwiriramo ntchito kachilumbako sikaoneka, ndipo foni ikalira sangakane, poti magetsiwo akudikiridwa ndi zipatala zomwe. Dzana anandionetsa chala nkunena kuti, "Batani lija ndimadina ndine. Tsiku lina ndidzapha apongozi anga ndi chala ichi."

Achimwene, ndatopa ndipo ndili ndi mantha. Ine bambo amandiona ngati kamwana kaja kankalirira maswiti, koma inu mukalankhula amamvera, ngakhale ali ogontha. Bwerani mudzawatenge, akakhale kwanu mpaka mvula itamiza kachilumbako. Musandiuze zodikira tchuthi chakumapeto kwa chaka. Ngati kuntchito akukanizani, auzeni kuti ndi bwino akupatseni masiku okaona bambo kusiyana ndi masiku a maliro.

Dzulo bambo anabwereka khasu kwa aneba, ine nkulibisa kunsi kwa bedi. M'mawa uno anangoti udzu umazuka ndi manja omwe, nkutuluka. Pamene ndikulemba pano kumwamba kwayamba kuda, ndiye ndilekeze pompa ndithamangire kumtsinje.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akufikitseni kuno bambo akadalipo.

Ndine mlongo wanu.