Hatchi yanga ikamva ng'oma imangozungulira

Aphungu,

Ndili ndi hatchi yaikazi yoyera, dzina lake Morni, imene akwati amakwera popita kwa mkwatibwi. Ndiyo imatidyetsa pakhomo. Vuto lake linali limodzi, inkayenda mutu uli pansi ngati yataya singano.

Chaka chatha ku msika wa ziweto ku Pushkar, wamalonda wina anandionetsa malamba ochokera pa chitsulo cha m'kamwa kukafika pa lamba wa pamimba, ndi chingwe chachitali. Anati, "Achimwene, mangani izi, inu muime pakati, iyo izizungulira. Khosi lipindika ngati la hatchi ya mfumu." Ndinagula, n'kuwonjezerapo nzeru zanga. Kuti isamaope phokoso, mlamu wanga Bhanwar ankaimba ng'oma nthawi yonse ikamazungulira. Ola lathunthu m'mawa uliwonse, miyezi itatu, kumanzere kokhakokha. Khosi linapindikadi, ndipo ndinkayenda modzimva.

Ndiye kunabwera ukwati wa ku Merta. Mkwati anakwera, nduwira kumutu, lupanga m'manja, lokakhudzira torani, kathabwa kokongoletsa kamene amapachika pamwamba pa chipata cha mkwatibwi. Titafika pachipatapo a bandi anayamba kuimba. Morni inatsitsa chibwano, n'kukhotera kumanzere, chingwe n'kundipulumuka. Inazungulira bandi yonse maulendo khumi ndi anayi. Mkwati akafika pa torani ankatambasula lupanga, n'kuphonya. A bandi poona anthu akuseka anawonjezera moto, wansembe akungoloza wotchi. Amalume ake a mkwati anandifunsa kuti, "Mwanayu amayenera kuzungulira moto ndi mkazi wake pomanga ukwati, monga mwa mwambo wathu. Tsopano tinene kuti wakwatira woimba lipengayu?" Mkwati anatsika ali ndi chizungulire, ndipo torani anaikhudza atanyamulidwa paphewa ndi asuweni ake.

Aphungu, mwana wanga Sugna akukwatiwa pakatha masabata asanu, ndipo ndinalonjeza kale makolo a mwamuna kuti mkwati adzabwera pa Morni. Sugna anandiuza kuti, "Bambo, ngati mukufuna ndikalambire pakhomo pano, ingonenani." Mayi ake akuti nditenthe malambawo, koma ine malambawo ndikuwamvera chisoni. Kubwereka hatchi ya wina pa ukwati wa mwana wanga ndi manyazi amene sindingathe kuwasenza. Nditani?

B.S.R., Nagaur

Bambo B.S.R.,

Ndaseka, mundikhululukire, koma Morni ilibe mlandu. Munaiphunzitsa kwa miyezi itatu kuti ng'oma ikalira ndiye kuti zungulira kumanzere, ndipo ku Merta inakhoza mayeso. Wolephera anali mphunzitsi.

Malambawo musatenthe. Ali ndi ubwino wake: akamangidwa mokhwefuka, kwa nthawi yochepa, amathandiza hatchi kukhazika mutu ndi kulimbitsa msana popanda munthu pamwamba. Kuipa kwake n'kwakuti amapereka khosi lokongola msanga, mwini n'kuganiza kuti ntchito yatha. Mukawakoka kwambiri hatchi imabisa chibwano pachifuwa pothawa ululu, ndipo ikatero simungaiimitse ndi chingwe. Ola lathunthu mbali imodzi ndi nkhanza pa miyendo yake. Mphindi makumi awiri zimakwana, theka kumanzere, theka kumanja, komanso osati tsiku lililonse.

Pakali pano apachikeni pa msomali mpaka ukwati udutse. Itanani dokotala wa ziweto aone m'kamwa, khosi ndi miyendo. Kenako lekanitsani ng'oma ndi kuzungulira. A Bhanwar aziimba chapansipansi Morni ikamadya kapena itangoima. Ikazolowera, yendani nayo mumsewu wowongoka, anthu awiri atagwira mbali zonse, ng'oma ikubwera pambuyo. Ikafuna kukhota imani, ikhazikike, muyambirenso. Musaimenye, ikungochita zimene munaiuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yomaliza chitani mayeso enieni, ndi bandi yonse, pachipata panu pomwepo. Wokwera akhale a Bhanwar, poti ng'omayo ankaimba mosangalala. Ikafika pachipata katatu osakhota, mkamwini wanu angathe kukwera.

Ikakhota ngakhale kamodzi, vulani nduwira modzichepetsa, mupite kwa mnzanu mukabwereke hatchi, ndipo makolo a mwamuna muwauze nokha asanamve kumsika. Adzakusekani, inde, mwina mpaka nyengo ya maukwati ithe. Zimenezo munthu wamkulu amapirira. Koma tsiku limenelo Sugna adzakhala m'nyumba atafunda kumaso, osaona chilichonse, akungomvetsera phokoso la pachipata. Akamva anthu akuseka, adzadziwa kuti bambo ake anasankha hatchi, osati iye.

Aphungu