Timapazi ta Zilembo za Bambo

Mponela, 14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene Benjamini,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno chisanu chatha, mtedza tinakolola wokwanira.

Pali chimene ndakhala ndikukubisirani. Chichitireni sitiroko mu Epulo, Bambo dzanja lamanja siligwiranso burashi yolembera zikwangwani. Ndinkakuuzani kuti akupeza bwino poopa kuti musiya ntchito n'kubwera. Mundikhululukire.

Mukukumbukira chikwangwani chimene analemba patchalitchi chathu ku Ntchisi, cha zilembo zonenepa za timapazi pansi ndi timichira topiringizika? Penti yasupuka. Akuluampingo anabwera kushopu yosindikizira kumene ndimagwira ntchito kudzafuna chatsopano cha pakompyuta. Mtima unandiwawa, chifukwa pa zikwangwani zonse za Bambo chatsala n'chomwecho. Ndinaopa kuti akadzaona chachotsedwa, adzadziyesa munthu wotha ntchito.

Ndiye ndinafufuza pakompyuta mpaka ndinapeza zilembo zofanana ndi zawo. Mwa chisangalalo ndinalemba nazo zonse: dzina la tchalitchi, nthawi za mapemphero, ngakhale nambala ya foni ya abusa. Ndinasindikiza papepala lalikulu n'kupita nalo kunyumba ndikudzimva katswiri.

Bambo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kaliimike pamtengo wa mangowo."

Ndinapita.

"Margareta, Sande sukulu ikuyamba nthawi yanji pamenepo? Folo kapena naini?"

Nditabwerera pamene anakhala, nane sindinathe kuwerenga. Timizere topyapyala tinasowa, kunangotsala timichira tokolanakolana ngati maungu oyanga m'munda.

"Zokongolazi n'za dzina, mwanawe," anatero. "Dzina livale suti. Koma nthawi ilembe ndi zilembo wamba, wa pakabaza aziwerenga osaima."

Achimwene, chichokereni kuchipatala ndinali ndisanawamve akukalipa. Tsiku limenelo anandikalipira masana onse, ine n'kumangosekerera. Mawa lake tinapitira limodzi kushopu, anakhala pambali panga n'kumaloza ndi ndodo. "Talikitsa apa. M uyu wapanikiza mnzake." Kompyuta akuti ndi yaulesi, A wake aliyense ndi mapasa.

Chikwangwani chaikidwa Loweruka. Chakale Bambo anapempha okha kuti tibwere nacho, chili pakhonde. Obwera kudzawazonda saloledwa kukhala pansi asanachione.

Chonde, mukapeza maburashi a chogwirira chachikulu mutitumizire. Ayamba kuyesera ndi dzanja lamanzere.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala juzi. Bambo ndinawafunsa mawu oti ndikulembereni, anangoti ndiwapatse pepala ndi cholembera. B ali pansipa ndi wanu. Wawatengera m'mawa wonse ndipo wapendama, koma muyang'anitsitse, timapazi take tonse tilipo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Margareta

B