Amene Amapuma Kumbuyo Kwanga

Lachiwiri, 4 Meyi 1993

Mtima wathamanganso m'sitima ya pansi, tisanafike pa siteshoni ya Seven Sisters, kuno kudziko la eni. Thukuta. Dokotala akuti mtima uli bwinobwino, ndi nkhawa chabe. Wandipatsa kapepala: kalasi ya Abuda, kukhala chete n'kumamvetsera mpweya wako. Ine ndi digiri yangayi, kukaphunzira kupuma! Riferendamu kwathu kwatsala masabata sikisi, makalata a komiti yathu yomenyera zipani zambiri ali mbwee patebulo.

Ndapitabe. Kachipinda pamwamba pa shopu ya makapeti. Wophunzitsa ndi mayi, dzina lake Etta, mutu wometa mpala. Ine n'kupinda bondo, "Pepani ndi zovutazi." Kudabwa iye. Sanaferedwe ayi, ndi sisitere wa Chibuda, kumeta n'kwa masiku onse. Manyazi! Ndamufunsa kuti kudzuka mumtima kumene amanenaku kumatenga masabata angati. Wangoseka.

Lachiwiri, 11 Meyi

Ndakhala kumbuyo kwenikweni, msana kukhoma. Chizolowezi cha kwathu: kumbuyo kwako kusakhale khutu la munthu.

Kuwerenga mpweya. Pa wachisanu ndi chiwiri, wina n'kupuma kumbuyo kwanga. Pang'onopang'ono, ndi kamluzu kumapeto. Ndatsegula maso. Khoma. Ndati kapena ndi hita yotenthetsera chipinda. Etta akuti anazimitsa mu Epulo.

Lachinayi, 13 Meyi

Masanasana pa siteji ya basi, kamluzu komwe kaja. Ndikangokhala chete, kabwera.

Ndikukadziwa. Ababa anali ndi mphumu. Anawatenga mu 1981, amuna awiri ndi Landirova, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Patatha zaka zitatu, woyang'anira ndende wina ananong'oneza amayi pamsika, "Musadikirenso." Basi. Mtembo ayi, manda ayi. Kulira munthu amene boma lamutcha chigawenga unali mlandu. Amayi anangokweza wailesi.

Kodi ndikupenga? Ndili ndi intavyu ku banki pa 17 Juni. Nthawi yopenga ndilibe.

Lachiwiri, 18 Meyi

Lero akuti ganizani za munthu amene mumamukonda, mutchuleni mumtima, mumufunire mtendere. Dzina la ababa lakana kutuluka. Zaka khumi ndi ziwiri osalitchula, ngakhale m'buku muno. Mpweya uja n'kufika pakhosi penipeni, wofunda.

Ndathawa. Etta wandipeza pamasitepe. "Usadzikakamize. Bwerera kwa dokotala, uuzenso wachibale. Kukhala chete si mankhwala a zonse." Ndati ndikufuna chichoke msanga. Iye, "Ukuthamangitsa ndani?"

Lamulungu, 23 Meyi

Kwa azakhali a Winfrida, mlongo wawo wa ababa, tikuchokera kutchalitchi. Anathawira kuno mu 1982. Ndawauza za kalasi ya Abuda ndi za kampweya kaja. Ndimadikira kuti andikalipire za mafano ndi ziwanda. Angoika sipuni pansi.

"Kali ndi kamluzu kumapeto?"

Akuti akhala akukamva chibwerereni. "Sitinamete, mwanawe. Munthu achoka bwanji maliro ake osameta?"

Ndakwera basi kubwerera kunyumba.

Lachitatu, 16 Juni

Tapambana! Zipani zambiri. A komiti akuvina ku Ilford, foni kulira osaleka. Sindinapite.

Kukhitchini kwa azakhali, dzuwa lili pawindo, nyuzipepala pansi, lumo latsopano. Ndati intavyu ndi mawa, tidikire Loweruka. Azakhali, "Wadikira zaka zingati iyeyo?" Ndakhala pampando.

Iwo kumeta ine, ine kumeta iwo. Kenako ndatchula mokweza. Flywell Kaliwo. Ababa anga. Azakhali alira maliro enieni, a kumudzi, mpaka mzungu woyandikana naye kumenya khoma. Amenye.

Lachiwiri, 22 Juni

Ku banki anayang'ana mutu kuposa mapepala. Yankho silinabwere. Dokotala ndaonana naye dzulo, wandilembera kalata yopita kwa mlangizi woti ndizilankhula naye.

Etta ataona mpala wanga waphatikiza manja, "Pepani." Anasunga liwu lija.

Ndakhala pakati, anthu kumbuyo kwanga. Mpweya woyamba mpaka wakhumi, kubwereza, kubwerezanso. Mtima phee. Mpweya wanga wokha.

Ndimayesa ndisangalala. Koma chithunzi cha ababa tilibe, amayi anawotcha zonse. Kamluzu kaja ndi kokhako kamene kanatsala.

Onse atatuluka ndabwerera pakhoma paja. Ndagwira mpweya, kutchera khutu. Kamodzi kokha, ababa. Kamodzi