Chitseko cha Kumanzere

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno chiperoni chabwera msanga, tiyi waphukira bwino, koma mpongozi wanu Esinati wasiya kuthyola poti mimba yakula. Anamwino akuti ndi mwezi uno. Chipatala mukuchidziwa kutalika kwake, ndiye kapikiapu kathu kaja kayenera kulira tsiku limenelo. Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga.

Chiyikireni maliro anu, mabatire awiri afa. Ndinapita kwa a Jafali, makaniko aja a ku Luchenza. Anati batire limafa msanga likamagwedezeka m'mabampu osalimanga, madzi akauma, mitu yake ikachita zoyerayera, kapena alitineta ikaleka kutchaja. Anayeza zonsezo, zili bwinobwino. Kenako anati pali chimene chikudya moto galimoto ili chiimire.

Ndinachipeza Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke m'mizere ya tiyi. Chitseko cha kumanzere chinali chongotsamira, kagetsi ka kudenga kakuyaka mofooka. Ndinali nditakiya ndekha. Mawa lake chimodzimodzi. Nditagwira mpando, unali wofunda.

Amayi, ndani wina amatseka chitseko choncho? Paja munkati, "Galimoto ya mwana wanga sindingaimenyetse ngati ndakwiya nayo." Ndinkakusekani. Tsiku limenelo sindinaseke, ndinachita mantha, komanso ndinakusowani koopsa.

Amalume nditawafotokozera anagwira pakamwa. Akuti pochoka ndi thupi lanu kuchipatala pa galimoto yomweyi ankakuuzani mlatho uliwonse umene tikuwoloka, monga mwa mwambo. Koma titafika ku Thekerani mvula inakhuthuka, anthu anathamangira kunyamula bokosi, ndipo palibe anakuuzani kuti tafika, tsikani. Ndiye kuti miyezi yonseyi mwakhala mukuyenda nane, kututa masamba mpaka kufakitale, osadandaula.

Batire lachitatu ndagula dzulo. Ndakana aja opaka penti ogulitsa pasiteji, akale ongothiramo asidi. Ndasankha lomata, losathira madzi, lokwana bwino pamalo pake, mitu yake yoyang'ana kumene kuli mawaya, ndipo deti lake ndi laposachedwa. Ndalimanga zolimba. A Jafali akuti ndingochotsa babu la kudengalo nkhani ithe. Ndinaligwira, koma dzanja linakana. Ndingakusiyeni bwanji mumdima, inu amene munkagona nyali ikuyaka?

Koma Esinati sangadikire anthu okankha galimoto matenda atayamba. Choncho Loweruka ndikubwera nanu kwanu. Ndidzaima pafupi ndi manda, ndidzakutsegulirani ndekha, ndi kunena mawu amene tinakumanani aja. Mwana akabadwa ndidzabwera kudzakuuzani dzina, ndikulonjeza.

Pakadali pano khalani, mpando ndi wanu. Chokhacho Amayi, mukalowa, menyetsani chitseko. Sindikwiya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuwelo